Tsiku Limene Zitini Zinalira Zokha ku Dambo

Khalani pansi, ana inu. Iwe Madalitso, mpando umenewo ndi wa alendo, koma poti lero wabwera ndi nkhope ya mlandu, khala pomwepo. Tiyamike, foniyo ika m'thumba, siithawa. Undipatsire khonje ali pafupi ndi phazi lakoyo, ndizipota chingwe changa uku tikulankhula. Manja a nkhalamba akangokhala amayamba kuwawa.

Nkhani imene mwabwerera ndaimva kale. Mukufuna ndivomere kuti banja la malemu Che Ajibu lichoke pa ndime ija ya mpunga ku dambo la Chilwa, chifukwa malowo ndi a mbumba yathu, ana achuluka, ndipo iwowo ndi obwera. Ndamvanso kuti iwe Madalitso sunadikire n'komwe yankho langa. Unapita dzana, n'kukhoma chikhomo pamalire, n'kudula chingwe cha zitini chimene chimachoka pa nsanja yawo kufika pa yathu. Usamuyang'ane mlongo wako, si iye wandiuza. Nkhani ya ku dambo imafika kuno mwini wake asanasambe matope.

Yankho ndikupatsani, koma nkhalamba siyankha ngati foni. Muyambe mwamva za agogo anu aamuna, a Sitifano, chifukwa munthu woyamba kudula chingwe chimenecho anali iwowo. Eya, wayera m'maso. Umayesa wayambitsa ndiwe?

Inu masiku ano ku dambo mumapita pa kabaza, mwinanso pa njinga yamoto, tsitsi likuuluka, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Ife tinkayenda wapansi. Pamutu dengu la makaka ouma ndi kalongonda wophikaphika, kumsana mwana, m'manja khasu. Kalongonda simukumudziwa bwino inu. Amafuna kuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuphikanso, apo ayi uledzera naye ngati wamwa kachasu. Tiyamike akanakhalako nthawi imeneyo bwenzi atapha mbumba yonse, poti iye nyemba zikangowira kamodzi amati zapsa.

Kulima mpunga n'kowawa, kuwokera n'kothyola msana, koma ntchito yeniyeni imayamba mpunga ukachita mkaka. Pamenepo mpheta ndi atchete amaitanizana abale awo onse. Amabwera ngati mtambo, ndipo ukangotembenuka kuti umwe madzi, ngala zatsala mankhusu okhaokha. Ndiye munda uliwonse unali ndi nsanja yake, ndipo kuchokera pa nsanjapo zingwe zimapita kumitengo imene tinkazika m'munda monse. Ndili mtsikana tinkamangirira zigoba za nkhono ndi zikho zosweka. Zitini zinabwera pambuyo, ndipo munthu wokhala ndi zitini zambiri ankayenda monyada. M'chitini umaikamo timiyala, ukakoka chingwe chimodzi munda wonse uli kwechekweche, iwe ukukuwa, "Haa! Haa!" mpaka mawu kutha. Dzuwa likamalowa unkabwerera kumsasa ukulankhula ngati chule.

Agogo anuwo anadzandipeza ndili kale katswiri wa nsanja. Anachokera cha ku Nazombe, kudzakhala chikamwini kwathu kuno. Anali munthu wautali, wa mawu aakulu, wodziwa kuwerenga pa nthawi imene odziwa kuwerenga anali ochepa. Kutchalitchi anawasankha ukulu wa mpingo adakali ndi tsitsi lakuda. Ankakonda Chipangano Chakale kuposa ndiwo zankhuli, makamaka paja pamati Mlonda wa anthu ake saodzera ndipo sagona. Akamawerenga pamenepo ankakweza chala m'mwamba, mawu akunjenjemera, amayi ena mpaka kupukuta misozi.

Koma ana inu, mwa anthu onse amene ndakumana nawo pa dziko lino, sindinaone munthu wokonda tulo ngati mwamuna ameneyo. Ankagona pa maliro, ankagona pa bwalo la milandu, anagonapo ataimirira pamzere wa kuchigayo. Pa nsanja ndiye panali pa mphasa pawo penipeni. Ankadzimangirira chingwe kuchala cha kuphazi kuti akamatembenuka m'tulo zitini zizilira. Mbalame zinawazolowera mpaka zina kumatera pa chipewa chawo. Ndikawaseka ankati, "Mayi a Esitere, ine sindinagone, ndimasinkhasinkha Malemba." Ndinkawakonda kwambiri bambo ameneyo, ngakhale ankanditopetsa.

Lamulo lawo linali limodzi. Lamulungu munthu wa pakhomo pawo asakwere nsanja. Ndinawafunsa kuti, "Nanga mbalame nazo zimapita kutchalitchi?" Iwo anati, "Munda wa mwana wa Mulungu amalonda ndi Mulungu mwini. Ife tikamupembedza, Iye atisungira mpunga." Chaka choyamba Mulungu anatisungira mankhusu ambiri ndithu. Ine ndinangopeta mankhusuwo, poti mkazi watsopano satsutsana ndi mlaliki.

Ndiyeno kunabwera Che Ajibu. Anachokera kutsidya, cha ku Machinga, akukankha bwato ndi nsungwi yaitali, m'bwatomo muli mkazi wawo Abiti Saidi, ana, mphika, nkhuku, ndi mkeka wopempherera. Amfumu anawapatsa malo kumunsi kwa munda wathu, kufupi ndi madzi, kumene anthu ankakukana. Pakati pa ife ndi iwo panali ngalande yomera bango lalitali, moti ukaima kumunda kwathu nsanja yawo sunkaiona. Agogo anu anawapatsa moni wa ulemu, koma pobwera anandiuza kuti, "Anthu abwino, koma si a khola lathu. Moni yekha akwana."

Moni yekha sakwana kwa akazi awiri otunga madzi pa chitsime chimodzi. Abiti Saidi ankalankhula Chichewa chopindika Chiyao, ine changa chopindika Chilomwe, ndipo tinkasekana mpaka kugwira nthiti. Iye anandiphunzitsa kuphika mpunga woti njere iliyonse iziyenda payokha. Ine ndinamuphunzitsa kalongonda, koma analawa kamodzi n'kunena kuti Alomwe ndi anthu olimba mtima. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pa mtumbira, nkhope itagwa. Anati, "Mnzanga, Lachisanu likafika mtima wanga umauluka. Bambo amapita ku mzikiti, kutali, ine ndimakhala ndi ana ndi zophika, mbalame zimachita ukwati m'munda mwathu." Ine ndinati, "Ukwati umenewo Lamulungu umasamukira kwathu."

Tinayang'anana. Sindikukumbuka amene anayamba kuseka. Mawa lake tinapota chingwe chachitali, chonga chimene ndikupota panochi, n'kuchidutsitsa m'munsi mwa bango, mbali ina pa nsanja yawo, mbali ina pa yathu, n'kuchilumikiza ku zingwe za zitini. Lachisanu agogo anu ankapita kukayendera odwala m'midzi, ndiye ine ndinkakhala ndekha pa nsanja, dzanja ili ndikukoka zathu, dzanja ili ndikukoka zawo. Lamulungu ife tikuimba kutchalitchi, Che Ajibu ankakoka zonse ali pa nsanja yawo. Mukufunsa kuti agogo anu sanachione chingwecho? Munthu wosinkhasinkha Malemba maso ali chitsinzire angaone chingwe?

Chaka chimenecho munda wathu unaima bwino mochititsa kaso. Lolemba lililonse agogo anu ankayendera ngala imodziimodzi, n'kupeza palibe yojomphedwa, pamene minda ya anzathu a mumpingo inali ndi zigamba. Anayamba kuchitira umboni kutchalitchi. Poyamba ankanena modzichepetsa, kenako mawu anakula, kenako chala chija chinayamba kuloza anthu. Ine ndinkafuna kuwauza, koma ukaona mwamuna wako akusangalala chotero umati adye kaye, ndimuuza mawa. Mpaka Lamulungu lina anauza mayi wina wamasiye, amene munda wake unadyedwa theka, kuti afufuze mtima wake, mwina chikhulupiriro chachepa. Mayiyo anangoweramitsa mutu. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinatsimikiza kuti tikangofika kunyumba ndiulula.

Sindinapeze mpata. Mapemphero atangotha, mkulu wina wokonda kutsutsa anati, "A Sitifano, ife timangomva ndi makutu. Bwanji tikaone ndi maso mmene Mulungu amalondera munda wanu?" Agogo anu anati, "Tiyeni!" Ine ndinawakoka jekete, ndinawatsina, ndinanamizira mutu. Iwo anati, "Mayi, musaope, lero anthu aona." Tinanyamuka chigulu, amayi ndi zovala zawo zoyera, abambo nsapato m'manja, dzuwa lili paliwombo.

Tikufika pa mtumbira wa munda wathu, mtambo wa mpheta unali ukutsika kumene. Anthu anaima. Nsanja yathu inali yopanda munthu, aliyense akuiona. Mwadzidzidzi zitini zonse, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, zinangoti kwechekwechekweche! Mbalame zija balala! Ana inu, ndinaona akuluakulu akugwada m'matope ndi mathalauza a Lamulungu. Mayi wina anayambitsa nyimbo. Mkulu wotsutsa uja anavula chipewa. Agogo anu anakweza manja onse awiri, misozi ili chuchuchu, poti ngakhale iwowo sankayembekeza kuti Mulungu amachita kukoka chingwe. Ine ndinkangofuna nthaka itseguke ndilowe.

Nyimbo ili pakati, kuseri kwa bango kunamveka mawu a mwamuna, "Haa! Haa! Chokani, ana a njala inu!" Nyimbo inazima. Bango linagwedezeka, n'kutulukira Che Ajibu, kofia kumutu, matope mpaka m'maondo, chingwe chili m'manja. Anayang'ana khamu lija modabwa, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Mwaswera bwanji, a Sitifano? Lero mwaweruka msanga. Mbalame zanu zavuta kwambiri lero, mkono wachita kuwawa."

Woyamba kuseka anali mayi wamasiye uja. Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako onse, ngakhale amene anali chigwadire. Anaseka njira yonse yobwerera, ndipo kuyambira tsiku limenelo Che Ajibu anthu ankawatchula kuti mngelo wa a Sitifano. Mwini wake dzinalo ankalikonda. Akakumana ndi anthu a kutchalitchi kwathu ankati, "Mupereke moni kwa abusa, muwauze kuti mngelo ali bwino, koma fodya wamuthera."

Agogo anu sanaseke. Lolemba m'mawa anatenga chikwanje, n'kukadula chingwe chija pakati, monga wachitira iwemu, Madalitso. Nkhope yawo inali yomweyi, mlomo wam'munsi utatuluka chonchi. Ine anandiletsa kukwera nsanja Lachisanu. Anati, "Odwala adikire, ndikakhalapo ndekha. Aliyense alonde zake, ndipo Mulungu alonde ake." Sanandikalipire, koma nsima yanga anaidya osayamika sabata yonse, ndipo kwa ine chimenecho chinali chilango chokwanira. Lamulungu lotsatira mbalame zinadya ngodya yonse ya kumunsi. Anaiyang'ana, n'kunena kuti ndi mayesero.

Lachisanu linafika. Cha kumasana ndinawatengera thobwa ku dambo, ndipo ndinapeza chodabwitsa choposa zitini zolira zokha: agogo anu ali maso pa nsanja. Anali ataimirira, khosi litatalika, akuyang'ana kuseri kwa bango. Ndinakwera. Pamwamba paja munda wa Che Ajibu unkaoneka wonse, wopanda munthu, mbalame zili bii. Choipa kwambiri, iwo akakoka zitini zathu, mbalame za kwathu zinkangodumpha bango n'kukatera komweko. Ndinati, "Bambo, thobwa ili." Anati, "Za kumeneko sizikundikhudza." Ine ndinati sindinafunse. Anamwa pang'ono, n'kunenanso kuti, "Ndati sizikundikhudza." Pamenepo kamwana ka Abiti Saidi kanatulukira kumsasa kwawo, kakuthamanga ndi kansalu m'manja, kakukuwa ndi mawu ake aang'ono, mbalame osakalabadira n'komwe.

Chikho cha thobwa ndinachiwakha m'malere. Munthu wamkulu uja analumpha pa nsanja osagwira makwerero, anawoloka ngalande, anagwa chafufumimba, anadzuka, n'kulowa m'munda wa eni ake akukupiza jekete, akukuwa m'Chilomwe mawu amene sindinkadziwa kuti mkulu wa mpingo amawadziwa. Anathamanga uku ndi uku mpaka Che Ajibu anabwera kuchokera ku mzikiti. Anapezana pa mtumbira, wina ali mbuu ndi mkanjo woyera, wina matope mpaka m'makutu, nsapato imodzi itatsala m'ngalande. Che Ajibu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti, "Kani nanenso ndili ndi mngelo? Koma wanga ndi wakuda bwanji!" Apo ndiye agogo anu anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. Chingwe anachilumikiza okha madzulo omwewo, ndi mfundo yoipa imene ine ndinakaimasula n'kumanganso.

Pobwerera kumudzi anayenda phazi limodzi lokha lili ndi nsapato. Kenako anati, "Mayi a Esitere, pamwamba paja malire saoneka. Umangoona mpunga ndi mbalame basi." Titafika anasamba, n'kukhala pakhonde pomwe pano ndi Malemba awo. Ndinkayesa agona monga mwa masiku onse, koma anandiitana ndisiye kusinja. Anati, "Ine ndakhala ndikuwerenga mbali imodzi ngati munthu wa diso limodzi. Pano akuti Iye amasuzumira ali kumwamba n'kuona anthu onse okhala pa dziko, ndipo mitima ya onsewo anaumba ndi Iye. Sakuti a mpingo wakuti." Anatembenuza masamba, n'kupeza mneneri wina amene anali woweta nkhosa. Anati, "Uyu ndiye wandimaliza. Mulungu akuuza Aisraeli kuti asadzitame ngati ndi okhawo amene Iye anawasamutsa. Ngakhale mitundu imene ankadana nayo, woitulutsa kwawo n'kuipatsa pokhala anali Iye yemweyo."

Ine kuwerenga sindidziwa, koma mawu amenewo ndinawamvetsa msanga kuposa iwowo, chifukwa ndinakula ndi agogo anga amene anabwera kuno wapansi. Inu mumayenda ngati phiri la Michesi munaumba ndinu. Ife Alomwe tinachokera kuseri uko, kwa Apwitikizi, tikuthawa nkhanza ndi njala, mitolo pamutu. Agogo anga ankanena kuti anafika mapazi atang'ambika, osadziwa liwu limodzi la Chinyanja, ndipo anthu ankawatchula dzina lachipongwe limene sindilibwereza pakhomo pano. Wina anawaloza pomanga. Wina anawapatsa mbewu ya chinangwa. Dzina la munthu ameneyo sitilidziwa n'komwe, koma tonse tili panofe tinatuluka mu phesi limenelo. Ndiye ndikamva mdzukulu wanga akunena kuti obwera, ndimafuna kuseka, komanso ndimafuna kulira.

Tsiku lomwelo ndinawafunsa agogo anu mwachipongwe kuti, "Ndiye bambo, munda wanu uja ankalonda ndani?" Anandiyang'ana pamwamba pa buku, n'kunena kuti, "Mulungu yemweyo. Kungoti anabwereka mkono wa Che Ajibu, ndipo ine sanandipemphe chilolezo." Lamulungu anaimirira kutsogolo n'kunena zomwezo, anthu akuseka, iwonso akuseka. Atatha anapita kwa mayi wamasiye uja, ndipo sabata imeneyo chingwe china chinafika mpaka ku zitini zake. Che Ajibu anadandaula kuti mngelo mmodzi sangalonde mpingo wonse, koma anakoka.

Tsono nyanja yathuyi mukuidziwa, ili ndi mtima wa mwana. Nthawi zina imathawa mpaka anthu kumayenda pa njinga pamene pankadutsa mabwato, nthawi zina imabwerera ndi ukali kudzalanda zonse. Esitere, mayi wanuyo, atayamba kumera mano achiwiri, madzi anabwera n'kumiza munda wonse wa Che Ajibu, ndipo sanabwerere. Nsanja yawo inangotsala mitu ya mitengo, akakowa akuterapo. Tinawapeza akulongedza m'bwato lomwe lija, mphika, nkhuku, mkeka. Abiti Saidi anandikumbatira. Ana awo anakulira kuno, kutsidya kunalibenso malo awo, ndipo kumene ankapita sankakudziwa.

Agogo anu analibe dothi loti apatse munthu. Mkamwini ali ndi chiyani? Khasu ndi chipewa. Munda unali wa amayi anga, ndipo amayi anga sanali munthu wosewera naye. Ndiye anapita kukagwada poteropo, chammbali, nkhope atayang'ana kwina monga achitira munthu kwa apongozi ake, n'kupempha kuti ndime ya m'mphepete mwa ngalande ipatsidwe kwa Che Ajibu. Amayi anati, "Mkamwini kupempha munda wopatsa mlendo? Zimenezi ndiye zatsopano. Abwereke mpaka liti?" Agogo anu anakanda kumutu, n'kunena kuti, "Mpaka mbalame zitasiya kudya mpunga." Mapewa a amayi anayamba kugwedezeka ndi kuseka. Anati, "Mwamuna wako ndi wopusa mwanzeru. Kaitaneni amfumu amve, ndipo mawu akhale omwewo." Mawu anakhala omwewo, pamaso pa amfumu ndi mboni, ndipo bwato lija analitsitsa katundu.

Kuyambira pamenepo zaka zinayenda monga ziyendera. Tinakolola limodzi, tinasinja chigodo cha mpunga watsopano limodzi, iwo osadya nyama ya kwathu, ife osawakakamiza. Amuna awiriwo ankatsutsana za chipembedzo pa mtumbira mpaka dzuwa kupendeka, wina osagonja, kenako n'kugawana fodya. Nthawi zambiri mtsutso unkatha chifukwa agogo anu agona. Atamwalira agogo anu inali nyengo yomwe ino, mpunga uli ndi mkaka. Ife tonse tinali pa maliro, za munda palibe anaziganiza. Che Ajibu anabwera m'mawa kudzakhuza, anakhala pang'ono, n'kutsanzika. Anthu ena anang'ung'udza kuti bwenzi lotani losadikira kuika. Ine ndinadziwa kumene ankapita. Masiku onse a maliro zitini zathu zinalira, ndipo mpunga umene tinadya pometa unali umenewo. Che Ajibu nawonso anatsatira pasanapite nthawi yaitali. Ndimawasowa onse awiri, ana inu, ndimawasowa kwambiri.

Tsopano pa ndime ija pali mwana wawo Che Yusufu ndi banja lake, ndi mnzanga Abiti Saidi amene maso anachita khungu. Iwe Tiyamike, Lamulungu lapitali unali kukwaya ndi diresi lako lobiriwira, unaimba bwino, ndinakumva. Ku dambo kunali ndani? Iwe Madalitso unali ku Nazombe kwa akazi ako, kumene nawenso ndiwe khasu ndi chipewa basi. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Atadzuka alamu ako mawa n'kukukhomera chikhomo pakhomo, udzabwera kuno ukulira, ndipo ine ndidzakufunsa kuti chikhomo unachiphunzira kuti.

Sindikunena kuti mulibe nkhani. Malo achepadi. Ana a alongo ako akukula, ndipo iwe monga mwinimbumba wa mawa uyenera kuwaganizira. Pamenepo ndakuyamikira, mwamuna wanga, ngakhale wabwera ndi mlomo wotuluka. Ndiye tamverani. Munda wanga wa chinangwa ndi nandolo kuseri kwa nyumbaku, kuyambira pa mango mpaka kumtsinje, tengani mugawane chaka chino chomwe. Ine ndadya zambiri pa dziko lino, ndipo mano otafunira makaka anatha. Mbale imodzi imene Tiyamike azindipatsa indikwana, bola nyemba zake azipsetsa. Usatsegule pakamwa, ndanena kale. Mundawo ndi wanga, ndipo ndikupereka ndili maso.

Koma za ndime ya ku dambo, amayi anga anaika mawu, ndipo ine sindingawadumphe pokhapokha nthawi yake itakwana. Ndiye ndikufunseni inu amene mumayenda, poti ine miyendo inakana. Dzana uli kumeneko ndi chikwanje chako, Madalitso, unaona chiyani m'mwamba? Kodi mbalame zasiya kudya mpunga?

Waweramitsa mutu. Agogo ako nawonso ankatero, kuyang'ana zala za kuphazi ngati pali cholembedwa.

Tambasula manja. Chingwe ichi ndayamba kupota dzulo nditangomva nkhani yako, ndipo chatalika mokwanira kudutsa ngalande. Chikhomo chija ukachizule, ubwere nacho ndidzasonkhere moto. Mfundo ukamange yolimba, osati ya agogo ako. Ukatha ukalowe kumsasa, ukagwade, ukamuuze Abiti Saidi kuti mnzake akupereka moni, ndipo kalongonda akumusungirabe.

Ndipo ugone kuno lero, usabwerere ku Nazombe. Mawa ndi Lachisanu, Che Yusufu apita ku mzikiti, ndipo mpunga wachita mkaka. Ulawire.